Chithunzi Chopita ku Tete

Uthenga unalowa m'foni Sankhani akupukuta lenzi ya kamera yake. Unali wochokera kwa Hamisa, ndipo unali waufupi kuposa mauthenga onse amene mtsikanayo anamulemberapo.

"Tikubwera kumeneko ndi azakhali anga. Uchite ngati sundidziwa. Chonde."

Sankhani anauwerenga katatu. Anafunsa kuti, "Kwagwanji?" koma yankho silinabwere.

Inali itakwana miyezi isanu ndi iwiri chiyambireni chibwenzi chawo, ndipo kwawo kwa Hamisa kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa. Hamisa anali mwana wa a Mahamadi, Msilamu wolemekezeka pa Boma la Mwanza, mwini sitolo ya nsalu pafupi ndi msika. Sankhani anali mnyamata wa kwa Kanduku, woimba kwaya kutchalitchi, ndipo chuma chake chonse chinali kamera imodzi, nyale ziwiri zojambulira ndi kachipinda ka lendi kamene pakhomo pake analembapo kuti situdiyo.

Anadziwana tsiku limene Hamisa anabwera kudzajambulitsa kachithunzi ka pa chiphaso. Analowa mwamanyazi nati, "Musavutike nane, ine zithunzi sizindikhala. Ndimatuluka mano ndi maso okha." Sankhani sanatsutse. Anangosuntha nyale, n'kujambula kamodzi. Hamisa ataona chithunzicho anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anafunsa, "Ndiye kuti ine ndimaoneka chonchi?" Chikondi chawo chinayambira pa funso limenelo.

* * *

Nthawi itangopitirira teni koloko, pakhomo panamveka mawu amphamvu.

"Odi kuno! Wojambula uja ndinu?"

"Ndine, amayi. Lowani."

Munalowa mayi wojintcha, wonunkhira perefyumu. Pambuyo pake panali Hamisa, atavala diresi lobiriwira ndi mpango woyera mbee wokuta mutu ndi khosi. Sanamuyang'ane Sankhani. Maso ake anali pa simenti.

"Ine ndine Rashidah, mlongo wawo wa a Mahamadi a pansalu paja. Uyu ndi mwana wathu. Akufunika chithunzi chabwino. Osati za pa foni zija, ayi. Chithunzi chenicheni, chifukwa chikupita kutali."

"Chikupita kuti, amayi?"

"Ku Tete, bambo. Kuli banja la anthu a malole kumeneko. Mayi wa m'nyumbamo ndi wakonkuno, tinakulira limodzi. Mwana wawo Akram wafika pofuna mkazi. Mnyamata wophunzira, wopemphera, wosadziwa ndi fungo lomwe la mowa. Tawatumizira zithunzi zitatu za pa foni, koma mnzangayo akuti, 'A Rashidah, mpango tauona, ndi wokongola. Nanga munthuyo mutumiza liti?'"

Azakhaliwo anaseka mpaka kugwira mpando. Sankhani anayesa kuseka nawo. Kansalu kopukutira lenzi kanamupulumuka n'kugwa pansi.

"Ndiye mumuyeretseko pang'ono," anapitiriza a Rashidah. "Mukumuona nokha, anatengera khungu la agogo ake. Ndamva kuti makina anuwa amatha."

"Kuyeretsa munthu sindichita, amayi," anayankha Sankhani. "Khungu lake lilibe vuto. Vuto ndi foni. Ikaona mpango woyera imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa kuwala. Mpango umatuluka bwino, nkhope n'kumira mumdima. Chofunika n'kuunikira nkhopeyo, kamera n'kuiuza zochita, osailola kusankha yokha."

"Kaya zanu izo. Ine ndikufuna Akram akachiona aiwale kudya."

Manja a Sankhani anayamba ntchito okha, mtima uli kwina. Anatsitsa nsalu yotuwa kumbuyo, naika mpando patsogolo pake, motalikirana ndi nsaluyo mapazi anayi kuti mthunzi usagwerepo. Nyale yaikulu, yobisika m'kati mwa ambulera yoyera kuti kuwala kwake kufewe, anaiimika chakumanja kwa Hamisa, pamwamba pang'ono pa mutu, itaweramira kunkhope. Chakumanzere anaikako chowalitsira, bolodi limene analimata yekha ndi pepala lasiliva, kuti lizibwezera kuwala pa tsaya lamthunzi. Nyale yaing'ono anaibisa kumbuyo kuti ilembe mzere wowala m'mphepete mwa mapewa. Kenaka anatchera kamera: ISO pa 100 kuti chithunzi chisakhale ndi timchenga, shata, kachitseko kolowetsa kuwala, pa 1/160, kabowo ka lenzi pa f/5.6.

"Tembenukirani kuno pang'ono, achemwali. Chibwano m'mwamba. Basi, pomwepo."

Liwu loti achemwali linamuwawa. Anasuzumira m'kamera, nalunjikitsa lenzi pa diso lakufupi. Khungu la Hamisa linawala ngati thabwa la mbawa lopakidwa mafuta. Pansi pa diso lamanzere panakhala kachigamba ka kuwala, ndipo m'maso onse awiri munali timadontho tonyezimira, tonyowa ndi misozi imene mtsikanayo ankaibweza. Sankhani anali asanamuonepo wokongola chotero. Ndipo kukongola konseko anali kukukonzera mwamuna wina.

Chala chili pa batani, panja panadutsa mayi akuitanira malonda a manachesi.

"Imani kaye!" anatero a Rashidah, akunyamuka. "Mayi ameneyo ndamudziwa, ake amakhala otsekemera. Musajambule ndisanabwere."

* * *

"Bwanji osandiuza?" ananong'ona Sankhani chitseko chitangotsekeka.

"Ndamva dzulo lomweli. Ndikanakuuza bwanji, azakhali agona m'chipinda mwanga?" Hamisa anayang'ana kukhomo. "Sankhani, nthawi palibe. Uwononge."

"Ndiwononge chiyani?"

"Chithunzichi. Undijambule moipa. Ndituluke monga ndimatulukira kwa ena onse. Akachiona akane okha."

"Iweyo? Hamisa, sindingathe."

"Ukandijambula monga umandijambulira, wandipereka ndi manja ako. Ababa ndikawakanira ine, afuna adziwe chifukwa. Akakana a ku Tete, palibe wofunsa. Njira ina uli nayo?"

Sankhani njira ina analibe. Panja azakhali ankamveka akukangana ndi wamanachesi kuti mulu wachepa.

Kenaka anachita zimene anali asanachitepo chiyambireni ntchitoyi. Anazimitsa nyale yaikulu. Chowalitsira anachikankhira kukhoma ndi phazi. Anakweza nsalu yotuwa natsitsa yoyera, nyale yaing'ono ija n'kuilozetsa pa nsaluyo ndi mphamvu yake yonse. Kamera anaisiya kuti isankhe yokha zonse, natsegula kafulashi ka pamwamba pake, kaja kamaomba nkhope maso ndi maso. Potsiriza anafupikitsa lenzi nayandikira pafupi kwambiri, podziwa kuti potero mphuno imakula, masaya n'kuthawira kumbuyo.

"Usandiyang'ane choncho," anatero Hamisa. "Dina."

Anadina.

Pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera panaoneka mpango wowala mothobwa m'maso. M'kati mwake munali nkhope yakuda bii, yonyezimira pachipumi ndi pamphuno pokha, maso ali ofiira ngati a munthu wodwala malungo.

"Aa! Mwajambula kale?" A Rashidah analowa akusenda nachesi. "Ndinati mudikire!"

"Nyalezi zimatentha zikayaka nthawi yaitali, amayi."

Azakhaliwo anaweramira pa kamera, natsinzina diso limodzi, kenaka linzake. "Magalasi anga ndasiya kusitolo. Akuoneka?"

"Akuoneka, amayi."

"Wayera?"

"Mpangowo wayera ndithu."

"Basi, zili bwino. Ikani m'foni mwangamu. Iwe Hamisa, tumiza kwa amake Akram pompano ndisanaiwale."

Hamisa analandira foni. Anayang'anitsitsa chithunzicho kwa nthawi yaitali, mwina yaitali kuposa imene anayang'anira choyamba chija. Kenaka anachitumiza. Potuluka sanacheuke.

* * *

Masana a tsiku lomwelo Sankhani anaimbira amalume ake, a Jailosi, kumudzi kwa Kanduku. Popanda iwo panalibe womuimira pa nkhani ya banja.

"Amalume, ndapota nanu. Mungopita mukaonekere kwa a Mahamadi. Mukangonena kuti kwathu kuli mnyamata amene waona mwana wawo. Mukachedwa akupita ku Tete."

"Mphwanga, nkhani imeneyi tinamalizana pa Isitala," anayankha a Jailosi, akupuma movutikira. Kumbuyo kwawo kunkamveka makasu. "Ine ndikalowe m'sitolo ya a Mahamadi, ndikati chiyani? Akandifunsa kuti mnyamatayo amapemphera kuti, ndikaloze kuti? Wakonzeka kusiya kwaya n'kuvala mkanjo?"

"Sindinatero, amalume."

"Nanga iyeyo alowa tchalitchi?"

"Sitinakambirane."

"Ndiye miyezi yonseyi mumakambirana chiyani? Nyale?"

A Jailosi anapitiriza.

"Mayi ako akangomva zimenezi, kuthamanga kwa magazi kuja kuwagwetsa, ndipo mlandu ukhala wa ine. Atsikana kuno sanathe. Dzulo lomweli ndaona atatu kuchigayo. Tsopano ndisiye, tikukumba mtedza ndipo dzuwa silidikira."

Foni inaduka. Sankhani anakhala pa mpando uja anakhalapo Hamisa, pansi pa ambulera yozima, mpaka kasitomala wina anachita kumugwedeza paphewa.

* * *

Lachinayi kunabwera Tiffany. Ankagwira ntchito pa ofesi ina yothandiza eni malole kuwolotsa katundu kumalire. Mwezi uliwonse ankabwera kudzajambulitsa ngakhale analibe kotumiza zithunzizo, ndipo Sankhani ankadziwa bwino chimene ankatsata.

"Abwana a nyale," anatero akukhala pa tebulo, miyendo atapingasa. "Mwayamba liti kuledzera pa ntchito?"

"Ine sindimwa, Tiffany. Ukudziwa."

"Ndiye ichi n'chiyani?"

Anamuonetsa foni. Chinali chithunzi chija.

"Wachitenga kuti?"

"Kwa a Melvin, dalaivala wa malole a kwa Akram. Mchemwali wake wa Akram anachitumiza kwa mnzake, mnzakeyo kwa mnzake, lero chili m'foni ya dalaivala aliyense kuyambira ku Zobue mpaka kuno. Akuti mkwatibwi wa abwana amafunika tochi masana."

"Chifufute."

"Ndifufute changa, nanga cha anthu ena onsewo ufufuta ndi chiyani?" Tiffany anatsika pa tebulo, namuyandikira. "Taona mmene nkhope yagwera. Ndikudziwa, Sankhani. Ndinakuonani mwezi watha kuseri kwa chipatala, mukugawana nachesi limodzi ngati kunja kuno kuli njala. Sindinauze munthu."

"Ukufuna ndikuthokoze?"

"Ndikufuna uziganiza. Mwana wa a Mahamadi si saizi yako. Iwo aja amakwatirana okhaokha, malole ndi masitolo. Ena tili pompano, mpingo umodzi, nyimbo timaimba zimodzi. Amalume ako sangatuluke n'thukuta lomwe."

"Tiffany, chonde."

"Taima, kolala yapindika."

Anakweza manja onse awiri n'kuyamba kumukonza kolala, mosafulumira. Nthawi yomweyo pakhomo panaima mthunzi. Anali Hamisa, atanyamula nsalu zopita kwa telala wa khomo loyandikana. Anaona manja a Tiffany pakhosi pa Sankhani. Anaonanso foni ili pa tebulo, nkhope yake yomwe ikuwala pa galasi.

"Hamisa!"

Mtsikanayo anakumbatira nsalu zija pachifuwa, n'kupitirira.

"Shuwa," anatero Tiffany, akutola foni yake, "pamaso ndi wabwinoko kusiyana ndi pachithunzi."

* * *

Mauthenga khumi ndi awiri amene Sankhani anatumiza sanayankhidwe. Lachisanu masana, nthawi imene amuna onse a kwa a Mahamadi amakhala ali kumzikiti, anapita kusitolo. Anapeza Hamisa ali yekha kuseri kwa kauntala, akupinda chitenje.

"Ndikufuna nsalu yotchinga kumbuyo pojambula, mamita atatu," anatero mokweza, kuti telala wa pakhonde amve.

"Yatha."

Sankhani anatsitsa mawu. "Za Tiffany zija si zimene ukuganiza."

"Za Tiffany zisiye. Zimenezo ndilira mawa. Lero ndikulira zina."

Hamisa anasiya chitenje chija. Maso ake anali otupa.

"Chithunzi chija chafika pa gulu la anzanga a kusekondale. Dzina lija ankanditchula ku Fomu 1 labwereranso. Thumba la makala. Ndinali nditaliiwala, Sankhani. Unandiiwalitsa ndiwe."

"Unandipempha wekha, Hamisa."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikusowa womukwiyira. Koma sindinkadziwa kuti ungakhoze chonchija. Sunaime n'komwe kuti uganize. Manja ako ankadziwa pamene pali kuipa kwanga konse."

"Uja si iwe. Ndi nyale zimene ndinaziika molakwika dala. Munthu aliyense ndingamuipitse choncho, ngakhale azakhali ako, ngakhale Tiffany."

"Ndiye chija cha pa chiphaso, chimene ndinakukondera chija, ndinali ine kapena zinalinso nyale?"

Sankhani anatsegula pakamwa. Iye amene ankatha kufotokozera kasitomala aliyense za shata ndi kabowo ka lenzi mpaka kasitomalayo kutopa, anasowa liwu ndi limodzi lomwe. Ankadziwa yankho mumtima, koma mawu onse amene ankabwera ankamveka ngati a wamalonda.

"Unali iwe," anatero potsiriza.

Hamisa anangopukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Amake Akram akana, monga tinkafunira. Azakhali alira usiku wonse, akuti awachititsa manyazi. Koma Akram mwini wake wati munthu sakanidwa pa chithunzi. Akubwera mawa kudzandiona ndi maso ake."

"Mawa?"

"Mawa. Tamuitana tokha, Sankhani. Chikanakhala chabwino, bwenzi akulu akukambiranabe mpaka chaka chitatha. Tsopano akubwera yekha."

"Tithawe. Tikwere minibasi ya ku Blantyre lero lomwe."

"Tikafike kwa yani? Tikagone pansi pa ambulera yako? Amayi anga ndiwasiye anthu akuwaloza zala pamsika?" Anamuyang'ana m'maso koyamba. "Amalume ako abwera?"

Sankhani anayang'ana mashelefu a nsalu.

"Ndinadziwa," anatero Hamisa. Kumsewu kunayamba kumveka mawu a amuna ochokera kumzikiti. "Pita. Ababa akubwera."

* * *

Loweruka Sankhani anatsegula situdiyo koma sanajambule munthu. Atabwera mayi wina ndi mwana wa tsiku lobadwa, Sankhani anamuuza kuti kamera yadwala. Foni anaiika pa tebulo, n'kumaiyang'ana ngati mlimi woyang'ana mitambo. Sinalire.

Anali atapemphera kuti Akram akhale wokalamba, kapena wamwano, kapena wamimba yaikulu. Cha m'ma fili koloko, galimoto yoyera ya nambala za ku Mozambique inaima panja, ndipo munatsika mnyamata wamtali, wovala mkanjo wotuwa, ndevu zometedwa bwino. Analowa akumwetulira, natambasula dzanja.

"Boa tarde, amigo. Ine ndine Akram. Ndabwera kudzaona munthu amene anatsala pang'ono kundimanitsa mkazi."

Sankhani analandira dzanjalo. "Pepani, achimwene. Kamera inali ndi vuto tsiku limenelo."

"Ndi zimene ndawauza akuluakulu. Makina ndi makina." Akram anaseka. "Musadandaule, ine ndilibe nanu chifukwa. Mukanajambula bwino, amayi akanamaliza okha zonse, ine n'kudzamuona pa tsiku la ukwati. Koma lero ndamuona ndekha. Anabweretsa tiyi pakhonde, dzuwa likumuomba chammbali. Amigo, ndinaiwala kuthira shuga. Ndawaimbira amayi kuti asiye kufunafuna."

Akram anapitiriza.

"Ndiye ndati ndikupatseni mwayi wina. Mutijambule awiri, chithunzi chimene chitseke pakamwa madalaivala anga. Kamerayo mwakonza?"

Akram ankalankhula akuyendayenda, manja ali kumbuyo. Anafika pa khoma limene Sankhani ankamatapo zithunzi zoonetsa makasitomala, ndipo anaima. Panali ana a sukulu ovala magauni, akwati, agogo atanyamula zidzukulu. Pakati penipeni panali chithunzi chachikulu cha amayi asanu a mvano, onse m'mabulauzi oyera ndi maduku oyera mbee. Awiri mwa iwo anali akuda kuposa Hamisa. Nkhope zawo zinkaoneka bwinobwino, makwinya onse, kumwetulira konse, ndipo m'diso la aliyense munali kadontho kowala.

Akram anatulutsa foni. Anayang'ana chithunzi cha Hamisa, nayang'ana amayi aja. Anabwereza kawiri.

"Izi munajambula ndinu?"

"Ndine."

"Ndi kamera yomweyi? M'chipinda chomwechi?"

"Ine za makamera sindidziwa," anatero Akram, mawu atatsika. "Koma ndimagula malole akale. Ndimadziwa kusiyanitsa injini yofa yokha ndi injini imene munthu wachita kuimasula waya. Mpango woyera, nkhope yakuda, inu simukuvutika nazo. Onani apa, kasanu pa chithunzi chimodzi. Munthu wa manja otere salakwitsa chipumi, mphuno, maso ndi nsalu ya kumbuyo nthawi imodzi mwangozi. Simunafune kuti ndimuone."

"Achimwene..."

"A Mahamadi ali m'galimoto panjapo, pamodzi ndi Hamisa. Anaumirira kubwera, akuti akufuna aone nkhope ya munthu amene wachititsa mwana wawo manyazi. Ndinawapempha adikire, ndiyambe ndine, chifukwa ndimati ndi ngozi. Tsopano ndikawauze chiyani? Sindingayambe chipongozi ndi bodza."

Panja chitseko cha galimoto chinatsekeka. Kenaka chinanso.

A Mahamadi analowa osanena odi. Anali bambo wochepa thupi, wa ndevu zoyera, ndipo sanakuwe. Akanakuwa zikanakhala bwino. Akram anangowalozera khoma. Anayenda pang'onopang'ono, chithunzi ndi chithunzi, mpaka anafika pa amayi a mvano aja. Pamenepo anavula magalasi, nawapukuta ndi mkanjo, nawavalanso.

"Mnyamata," anatero osatembenuka, "ana a anthu onsewa unawajambula mwaulemu. Wanga yekha wamusandutsa choseketsa madalaivala kumalire. Mayi ake sakutuluka m'nyumba. Ndiuze pamaso pa mlendoyu: mwana wanga anakulakwira chiyani?"

Sankhani anayang'ana kukhomo. Hamisa anali ataima pamenepo, nsonga ya mpango ataigwira pakamwa. Sankhani akanena kuti anachita dala mwa iye yekha, a Mahamadi sadzamulolanso kuponda pakhomo pawo mpaka imfa. Akanena zoona, ndiye kuti wamuvula Hamisa pamaso pa bambo ake ndi pa mlendo. Mtsikanayo anapukusa mutu pang'onopang'ono, kamodzi, kawiri, maso akumuchonderera kuti asanene.

Sankhani sanali yekha woona mutuwo ukupukusika. Akram, amene anali ataima chammbali pafupi ndi ambulera, anayang'ana Hamisa, nayang'ana Sankhani. Kumwetulira kwake kunazima.

"Ababa," anatero Akram mofatsa, maso ali pakhomo, "mwina woyenera kuyankha funso limenelo si wojambulayu."